Tisanamutche mbuli, timuyeze mtovu

Muno mu Kafue mukangotchula mtovu, anthu amaloza kumpoto. Amati imeneyo ndi nkhani ya a ku Kabwe, ife zathu ndi fetereza, zitsulo, nsomba ndi mtsinje. Akatero mitima imakhala pansi, aliyense n'kubwerera ku kantemba kake. Wanga sukhala pansi, ndipo ndikufuna wa khansala wanu, wa akuluakulu a zaumoyo m'boma lino ndi wa aphunzitsi a ana anu usakhalenso pansi.

Za ku Kabwe n'zoona, ndipo n'zochititsa manyazi. Mgodi wa Broken Hill unakumbidwa kwa zaka pafupifupi 90. Pamene unkatsekedwa mu 1994 unasiya mapiri a zinyalala za mtovu ndi zinki pakati pa anthu, ndipo mphepo ya m'chilimwe ikuzimwazabe m'makomboni mpaka lero. Mu 2015 Dr John Yabe wa pa University of Zambia ndi anzake a pa Hokkaido University ya ku Japan anatulutsa zotsatira za magazi a ana 246 a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mtovu wa m'magazi amauwerenga m'mamayikulogalamu pa desilita imodzi, ndipo bungwe la WHO limati nambala ikafika pa 5, thamangani mukafune kumene ukuchokera. Mwa ana 246 aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali pansi pa 5. Wina anapezeka ndi 427. Mu Okutobala 2020 maloya a Mbuyisa Moleele ndi Leigh Day anakasumira kampani ya Anglo American South Africa ku khoti lalikulu la ku Johannesburg m'malo mwa amayi ndi ana pafupifupi 140,000. Kampaniyo imakana mlandu, khoti linakana kuumva ngati mlandu wa gulu mu Disembala 2023, ndipo nkhani inapita ku apilo. Ana amene anali m'manja pamene ankasuma, lero ali pasukulu.

Ndiye inde, Kafue si Kabwe. Tilibe Black Mountain, phiri la zinyalala za mgodi lija, kuseri kwa nyumba zathu. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo pamene tikulakwitsa m'pakuganiza kuti mtovu umafuna mgodi kuti upweteke mwana. Umangofuna fumbi, kadzanja kopita kukamwa, ndi mimba imene sinalandire chakudya chokwanira. Zonsezi muno zilipo. Tiyeni tiutsatire kuchokera pabwalo mpaka m'kati mwa selo la ubongo, pakuti njira imene umadutsa ndi imene ikutiuza chochita.

Thupi la munthu lilibe nawo ntchito mtovu, ngakhale pang'ono. Limafuna ayironi popanga magazi, kashiamu pomanga mafupa ndi poyendetsa mauthenga m'minyewa, zinki pa ntchito zina zambirimbiri, ndipo zimenezi linazikonzera makomo. Mtovu ulibe khomo lake. Umalowera pa makomo a eni ake. Amene anagwirako ntchito pa fakitale ya fetereza ya NCZ kapena pa fakitale ya nsalu ija isanatsekedwe akukumbukira za pageti nthawi yosinthana shifiti: anthu mbwee, onse m'maovololo ofanana, mlonda alibe nthawi yoyang'ana nkhope. Akaona ovololo amatsegula. Alonda a m'thupi nawonso amayang'ana kwambiri zinthu ziwiri, kukula kwa kanthu ndi mphamvu ya magetsi imene kanyamula. Mtovu ukasungunuka m'madzi a m'thupi umanyamula mphamvu ziwiri, chimodzimodzi kashiamu, ayironi ndi zinki, ndipo msinkhu wake susiyana kwenikweni ndi wa kashiamu. Wavala ovololo ya mwini ntchito.

Geti loyamba lili m'matumbo, pamene chakudya chimafikira chikangochoka m'chifu. Pamenepo pali puloteni yotchedwa DMT1, imene ntchito yake n'kutola ayironi m'chakudya n'kumulowetsa m'thupi. Imatolanso mtovu. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti thupi likaona kuti ayironi wachepa, limachulukitsa mapuloteni amenewa kuti lisaphonye ngakhale kadontho. Mwana wochepa magazi ndiye kuti geti lake lili chitsegukire. Wosowa kashiamu chimodzimodzi. Amene wadzuka n'kukasewera m'fumbi m'mimba muli zii amayamwa mtovu wambiri kuposa mnzake amene wamwa phala. Munthu wamkulu akameza mtovu, thupi lake limatengako gawo limodzi pa magawo 10 kapena kupitirira pang'ono, pamene la mwana limatha kutenga mpaka theka. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2018 anapeza kuti ana 58 pa 100 alionse a miyezi 6 mpaka 59 ndi ochepa magazi, ndipo ana 35 pa 100 osakwana zaka 5 ndi opinimbira. Mvula ikakuona litsiro sikata. Fumbi lomwelo, pabwalo lomwelo, limapweteka mwana wa mmphawi kuposa wa bwana.

Kuchokera m'matumbo, kapena m'mapapo ngati wabwera ndi utsi, mtovu umalowa m'magazi. Pafupifupi wonse, magawo 99 pa 100, umakakamira m'maselo ofiira, kumene umasokoneza kapangidwe ka magazi n'kukulitsa vuto lomwe linautsegulira khomo lija. Kotsalako, kamene kamayandama m'madzi a magazi, ndi kamene kamapita kumutu.

Ubongo ndi wotetezedwa kuposa ziwalo zonse. Timitsempha take ta magazi, titati titilumikize, tingatalike makilomita 600, ndipo maselo amene anayala m'kati mwa timitsemphato ndi omatana gwa, moti ngakhale mankhwala ambiri a kuchipatala amalephera kudutsa. Poti pakati pa maselo palibe mpata, cholowa mu ubongo chiyenera kudzera m'selo lenilenilo, pa makomo a shuga, ayironi, kashiamu ndi zina zofunika. Mtovu umadzera pomwepo. Ukachuluka kwambiri, kupitirira 70 kapena 100, umawononga mpanda womwewo. Timitsempha timayamba kudontha, ubongo umatupa, mwana amasanza, amakomoka ngati wa khunyu, ena osadzukanso. N'zimene zinapha ana oposa 400 m'chigawo cha Zamfara ku Nigeria mu 2010, kumene makolo ankaperera miyala ya golide yokhala ndi mtovu m'mabwalo a nyumba zawo. Kuno kwathu mwana akayamba kukomoka chotero ambiri amathamangira kwa asing'anga kapena kumapemphero, ndipo sindiwaseka, pakuti palibe anawauzapo kuti dothi lingachite zimenezi.

Kuseri kwa mpandawo kuli maselo ena, ma astrocyte, amene amadyetsa ndi kusamalira maselo a minyewa. Amenewa amayamwa mtovu n'kuusunga kuti usafike kwa anzawo. Mwa munthu wamkulu amathandizako ndithu. Mwa khanda amakhala asanakhwime.

Tafika tsopano pa selo la minyewa lenilenilo. Mu ubongo muli maselo amenewa pafupifupi mabiliyoni 86, ndipo ntchito yawo yonse n'kuuzana zinthu. Selo silikhudzana ndi linzake. Pakati pawo pali kampata kakang'ono zedi, ndipo uthenga umawoloka kampatako ndi timankhwala timene selo loyamba limatulutsa. Wolamula kuti timankhwalato tituluke ndi kashiamu. M'kati mwa selo lopuma kashiamu amakhala wochepa kuwirikiza ka 10,000 poyerekeza ndi wa kunja. Uthenga ukafika kunsonga kwa selo, timakomo ta kashiamu timatseguka kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, kashiamu n'kukhamukira m'kati, timatumba ta mankhwala n'kukhuthuka, uthenga n'kuwoloka. Kenako selo limapopera kashiamuyo kunja msangamsanga, kukonzekera uthenga wina. Mmene mwawerenga mzere unowu, zimenezi zachitika kambirimbiri m'mutu mwanu.

Pa timakomo timeneti mtovu umachita ziwiri. Wina umaima pakhomo n'kutsekereza kashiamu, wina umalowa. Mu 1987 ofufuza awiri a ku London, Simons ndi Pocock, pogwiritsa ntchito maselo a ng'ombe ogwira ntchito mofanana ndi a minyewa, anaonetsa kuti timakomo ta kashiamu tikatseguka mtovu umalowa mothamanga, ndipo akatitseka ndi mankhwala kulowako kumachepa. Pambuyo pake panapezeka makomo enanso: amene selo limatsegula likaona kuti kashiamu wa m'nkhokwe zake watha, ndi amene amalowetsa zinki ndi ayironi. Selo silingatseke makomo amenewa, chifukwa kuwatseka n'kusiya kuganiza.

Ukalowa suchita ngati kashiamu. Kashiamu amagwira puloteni, kupereka lamulo, n'kuisiya. Mtovu umagwira osasiya. Umakhala pamalo a kashiamu pa calmodulin, pa synaptotagmin imene imakhuthula timatumba ta mankhwala tija, ndi pa protein kinase C. Mu 1988 Jasna Markovac ndi Gary Goldstein analemba m'magazini ya Nature kuti kamtovu kochepa kwambiri kuposa kashiamu amene amafunika kamatha kudzutsa puloteni yomalizayi. Mapeto ake selo limatulutsa timankhwala pamene palibe uthenga, ndipo uthenga weniweni ukafika limatulutsa tochepa. Limalongolola posafunika, pofunika n'kukhala duu.

Palinso khomo lotchedwa NMDA, limene kwa ine ndiye mutu wa nkhani yonse. Limatseguka pokhapokha maselo awiri oyandikana akagwira ntchito nthawi imodzi, ndipo kashiamu wolowera pamenepo ndi amene amauza maselowo kuti alimbitse kulumikizana kwawo. Kuphunzira ndi kumeneko. Mwana akaona chilembo pabolodi n'kumva aphunzitsi akuchitchula, lero, mawa, mkuja, makomo a NMDA, makamaka m'chigawo cha ubongo chotchedwa hippocampus, amakhala akulimbitsa njira imodzi pakati pa njira zambirimbiri. Mtovu umatseka khomo limeneli. Zimenezi zinaonetsedwa mu 1990, ndipo Tomás Guilarte, pamene anali pa Johns Hopkins University, anatha zaka zambiri akusonyeza pa makoswe kuti olandira mtovu ali aang'ono amakula ndi makomo a NMDA osakhala bwino, ndipo amavutika kukumbukira njira. M'zaka zoyambirira za moyo ubongo umalumikiza maselo ake mothamanga, kenako umadula zolumikiza zosagwira ntchito n'kusunga zogwira ntchito. Umasankha potengera mauthenga amene akudutsa. Mauthenga akakhala abodza, umadula zofunika n'kusunga zachabe, ndipo nyengo imeneyo ikapita yapita.

Nanga kunja zimaoneka bwanji? Sizioneka. Mwana amene mtovu wa m'magazi ake uli pa 8 kapena 15 satentha thupi, satsegula m'mimba, amathamanga ngati anzake. Mu 1979 Dr Herbert Needleman anatolera mano oyamba amene anaguluka mwa ana a sukulu a ku Chelsea ndi Somerville ku America, n'kuyeza mtovu wa m'manomo. Kenako anapempha aphunzitsi, amene sankadziwa zotsatirazo, kuti afotokoze khalidwe la ana oposa 2,000. Mtovu ukachuluka m'dzino, m'pamenenso aphunzitsi ankati mwanayu sakhazikika, samaliza ntchito, satsatira malangizo, amangolota masana. Mawu amenewa tonse timawadziwa. Ndi omwe amalembedwa pa lipoti la kumapeto kwa temu, ndi omwe bambo amanena akuthyola kamtengo: mutu wouma, mbuli, watengera kwa amake.

Mu 2005 Bruce Lanphear ndi anzake anaphatikiza zotsatira za ana 1,333 a m'mayiko angapo n'kupeza kuti nzeru zambiri zimatayika poyambirira penipeni. Kuchoka pa 2.4 kufika pa 10 mwana amataya pafupifupi mapointi 4 a IQ, pamene kuchoka pa 10 kufika pa 20 amataya 2 ena. N'chifukwa chake WHO imati palibe mulingo wa mtovu umene tingautche wabwino, ndipo bungwe la CDC ku America linatsitsa mulingo wake wochenjezera kufika pa 3.5 mu 2021. Amene akuti ife si Kabwe amve pamenepa. Sipafunika 427. Boma linachita bwino kuchotsa fizi mu 2022 n'kulemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000, koma mphunzitsi amalandira mwana wa zaka 6 kapena 7, pamene mtovu unamulandira ali ndi miyezi 9, akukwawa.

Wina anena kuti tikamupeza tidzamupatsa mankhwala. Mankhwala alipo, amene amagwira mtovu m'magazi n'kuutulutsa ndi mkodzo, ndipo mwana akafika pa 45 amafunikadi chifukwa amapulumutsa moyo. Koma ku America anayesa mankhwala a succimer pa kafukufuku wa ana 780 amene anali pakati pa 20 ndi 44. Zotsatira zinatuluka mu 2001: mtovu wa m'magazi unatsika, nzeru sizinabwerere. Ku Kabwe World Bank inavomereza ndalama zokwana madola 65.6 miliyoni mu 2016 zokonzera madera a migodi m'dziko muno, ana ena anayezedwa n'kulandira mankhwala, koma bungwe la Human Rights Watch lakhala likudandaula kuyambira 2019 kuti mulu wa zinyalala uli chiimire ndipo anawo amabwerera kufumbi lomwelo. Sindikuti mwana wotere tizimutaya. Guilarte yemwe uja anaonetsa mu 2003 kuti makoswe olandira mtovu akaleredwa pamodzi ndi anzawo, pamalo pokhala zoseweretsa, amaphunzira bwino kuposa otsekeredwa okhaokha. Ubongo ukasamalidwa umayankha. Chikoti suchiyankha.

Ndiye pali za mafupa. Mtovu wa m'magazi umatsika ndi theka pakatha mwezi umodzi, koma sikuti wonse watuluka. Wambiri umakabisala m'mafupa ndi m'mano, pamalo a kashiamu, kwa zaka makumi. Mtsikana wokulira m'fumbi la mtovu akadzakhala ndi pakati, thupi lake limatapa kashiamu m'mafupa kuti liumbe mwana, mtovu n'kutuluka nawo, kudutsa pa nsengwa, mpaka mu ubongo wa mwana wosabadwayo. Mlatho wathu wa sitima unamangidwa mu 1906 kuti njanji ikafike ku mgodi wa Broken Hill, ndipo kuyambira pamenepo anthu a matawuni awiriwa akhala akuyenderana, kukwatirana ndi kusamukirana. Mayi wobadwira ku Makululu akakwatiwa ku Shikoswe muno mu Kafue amabwera ndi Kabwe m'mafupa mwake. Onjezanipo dothi lija limene amayi oyembekezera amagula pamsika n'kumatafuna, limene palibe amafunsa kuti linakumbidwa pati.

Koma n'kupitiranji patali? Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi a damu la Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 21 pa tsiku, ndipo aliyense wokhala ndi kangachepe anagula sola, inveta ndi batire. Mabatire otchipa ambiri ndi a mtovu ndi asidi ngati a galimoto, ndipo akasenzetsedwa ntchito yolemera chotero sakhalitsa. Akafa amapita kuti? Ndinaimapo kuseri kwa garaja ina m'komboni ina ya muno, mnyamata akuswa batire ndi chikwanje. Asidi anakhuthulira pansi, dothi n'kuchita thovu. Anasolola timapuleti totuwa tija ndi manjamanja n'kutiponya m'chitini chimene chinali pambaula. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, ndipo moto wa makala umafika pamenepo popanda vuto. Pamwamba panayandama litsiro lotuwa, iye n'kuliwaula ndi supuni yakale n'kulitaya pambali. Zotsalazo anathira m'timaenje timene anagoba panjerwa, kuti apange timiyala tomizira maukonde a asodzi. Chapomwepo kamwana ka zaka ngati ziwiri kanali khale pansi, manja ali mbuu, kakudya chitumbuwa.

Mnyamatayo si chigawenga. Akufuna ya ufa. Palibe anamuuza kuti litsiro limene wataya pambalilo silidzawola, kuti mvula idzangolisuntha ndipo dzuwa lidzalisandutsa fumbi, kapena kuti malaya ake akakawakutumula m'nyumba ndiye kuti wawagawira ana ake. Ku Thiaroye-sur-Mer, kufupi ndi Dakar ku Senegal, ntchito yomweyi inapha ana 18 pakati pa 2007 ndi 2008. Amayi ankasefa dothi la pamalo oswera mabatire kuti apeze tizidutswa togulitsa, ana ali kumbuyo. Ku Owino Uhuru ku Mombasa, Phyllis Omido anayamba kulimbana ndi fakitale yosungunula mabatire mwana wake yemwe atadwala, ndipo mu 2020 khoti la ku Kenya linalamula chipukutamisozi cha mashilingi 1.3 biliyoni. Konseko kunalibe mgodi.

Mabatire sali okha. Miphika ya aluminiyamu youmbidwa ndi zidutswa za injini ndi zitsulo zotola imatha kutulutsa mtovu m'chakudya, monga anapezera ofufuza ku Cameroon mu 2014. Mu 2017 bungwe la Children's Environmental Health Foundation la ku Livingstone linayeza penti wa mafuta wogulitsidwa m'dziko muno n'kupeza zitini zopitirira malire a magawo 90 pa miliyoni amene amalimbikitsidwa padziko lapansi, ndipo penti wowala ngati wachikasu ndi amene timakonda kupaka m'manazale. Ku Malawi bungwe la LEEP litapeza vuto lomweli, Malawi Bureau of Standards inayamba kulondalonda opanga penti mu 2021, ndipo atayezanso mu 2023 penti wa mtovu anali atachepa kwambiri pamsika. Muno tilinso ndi ng'anjo zosungunulira zitsulo zakale, ndipo paliponse padziko fumbi la ng'anjo zotere limakhala ndi zinki ndi mtovu. Sindikuloza chala kampani iliyonse. Ndikungoti zimene a bungwe la zachilengedwe la ZEMA amayeza pa chumuni ndi m'dothi lozungulira mafakitale a muno zizimatidwa pabolodi la khonsolo, pamene mayi wa ku Zambia Compound angathe kuziwerenga. Malamulo a zachilengedwe a 2011 amapatsa anthu ufulu wodziwa zimenezi.

Pa 18 Febuluwale 2025 damu la zinyalala la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi litaphulika, malita osachepera 50 miliyoni a madzi a asidi analowa mu Mwambashi n'kutsikira mu mtsinje wa Kafue. Dziko lonse linadzuka. Nsomba zinayandama, Kitwe anatsekeredwa madzi, ndege za asilikali zinamwaza laimu mumtsinje, nduna zinalankhula. Zinayenera kutero. Koma onani chimene chimatidzutsa: chakufa chooneka ndi maso, chojambulika pa foni. Mtovu wa pabwalo supha nsomba, sununkha, susintha mtundu wa madzi. Mwana amene wautenga adzaoneka patapita zaka 10, pa zotsatira za mayeso a kusukulu, ndipo tsiku limenelo palibe adzatchule batire.

Ndikudziwa yankho la m'maofesi: tili ndi malungo, kolera, njala, ndalama n'zochepa, tiyambe ndi zazikulu. Koma njala ndi mtovu si adani awiri oti tisankhepo mmodzi. Taona kale kuti njala ndi imene imatsegula geti. Kapenta wodyera ndi minga yomwe, nyemba, bondwe, chibwabwa chotendera, dzira, phala la m'mawa mwana asanatuluke panja, zonsezi zimachepetsa mtovu wolowa m'matumbo. Ndalama ya chakudya cha ana ikugwira ntchito ziwiri. Chimene ndimakana n'kuimira pomwepo, n'kusenzetsa mayi katundu yense. Timapepala ta zaumoyo timati sambitsani ana m'manja, kolopani m'malo mosesa, thirani madzi pabwalo. N'zoona zonse. Koma muuzeni zimenezo mayi wotunga madzi ndi chigubu, m'tawuni imene mapampu a ku Iolanda amatumiza madzi ake ku Lusaka. Sanabweretse mtovuwo ndi iye, ndipo sangauchotse ndi chikolopa.

Zimene zinathetsa petulo wa mtovu si uphungu kwa oyendetsa galimoto. Mayiko a kumwera kwa Sahara anagwirizana kumusiya pofika 2006, Algeria inamaliza mu 2021, ndipo kulikonse kumene anamuchotsa n'kuyeza, mtovu wa m'magazi a ana unatsika. Mabatire afunika zomwezo. Malamulo a 2018 onena za udindo wa opanga ndi oitanitsa katundu pa zinyalala zake alipo kale. Wogulitsa batire latsopano azilandira lakale n'kubwezako ndalama yoposa imene mnyamata wa chikwanje uja angapeze, ndipo lizipita losaswa kwa okhala ndi chilolezo. Mnyamatayo alembedwe ntchito yotolera, asathamangitsidwe ndi apolisi a khonsolo kuti akaswere kuthengo kumene sitikumuona.

Ndipo tiyeze. Tengani khadi la kusikelo la mwana wanu muliyang'ane. Pali kulemera kwake, katemera, vitamini A, mankhwala a njoka za m'mimba. Palibe pokhala nambala ya mtovu, ngakhale kuti UNICEF ndi Pure Earth anawerengera mu 2020 kuti mwana mmodzi pa atatu alionse padziko lapansi ali pa 5 kapena kupitirira. Makina a LeadCare, omwe agwiritsidwa kale ntchito ku Kabwe, amakwana m'chikwama, amafuna kadontho ka magazi a pachala, ndipo amapereka yankho m'mphindi 3. Palinso kachipangizo ka m'manja ka XRF kamene kamawerenga mtovu wa m'dothi, pakhoma ndi pamphika pomwepo. Akatswiri oziyendetsa ali pa University of Zambia, ulendo wa ola limodzi kuchokera pano. Thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Asatiuze kuti m'ndalama zimenezi simungatuluke makina oyezera ana a ku Nangongwe, Shikoswe ndi Kafue Estates, kuyambira ndi okhala pafupi ndi magaraja, malo ogulira zitsulo zakale ndi madoko a asodzi. Akapezeka bwino, tidzathokoza Mulungu tili ndi pepala m'manja. Akapezeka nawo, tidzadziwa bwalo loti tikachotse dothi lake mng'ono wake asanayambe kukwawa.

A khansala, a phungu, a mkulu wa zaumoyo m'boma lino, ntchitoyi ndi yanu. Inu makolo, komiti ya chitukuko ya m'wadi mwanu ikamadzalandira maganizo a ntchito za CDF, pitani mukalembetse kuyeza mtovu kusikelo, ndipo musachoke mpaka mutaona kuti alemba. Batire lakufa limene lili kuseri kwa chitseko musalipereke kwa woswa ndi chikwanje, ndipo mwana asatuluke m'mawa asanadye.